Tsiku lomwe ndinamasulira Chimasai

Ndinkayala bedi m'chipinda china cha pamwamba pomwe supavaiza wathu analowa ali wefuwefu. Anali mayi wamfupi, wosakonda kunena chinthu kawiri.

"Iwe ndiwe wa ku Africa, eti?"

"Inde, madamu. Wa ku Malawi."

"Khalas, basi. Siya zimenezo. Lero ukamasulira."

Hotela yomwe ndinkagwirako ntchito inali ku Al Garhoud, mumzinda wa Dubai, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo sabata imeneyo munali msonkhano wa anthu othandiza mabungwe. Mmodzi mwa oyankhula anali mayi wa Chimasai wochokera ku Tanzania, mtsogoleri wa bungwe lomenyera ufulu wa amayi oweta ng'ombe kwawoko. Womasulira wawo ndege inali itamusiya. Ndinayesa kufotokoza kuti Chimasai sindichidziwa, kuti ngakhale Chiswahili changa chimathera pa kunenerera chitenje kwa amalonda a ku Karonga. Supavaiza anandiveka jekete lakuda la mnzanga wa pa resepishoni, lomwe manja ake ankandilekeza m'zigongono, n'kundikankhira mu lifiti.

Mayiwo ndinawapeza m'kachipinda kuseri kwa holo. Anali aatali, ometa mpala, atavala suti yotuwa, foni ili kukhutu. Atamaliza kuyankhula anandipatsa moni m'Chingerezi chosalala kuposa cha aphunzitsi onse omwe anandiphunzitsapo.

"Nanga womasulira mukumufuniranji, mayi?" ndinafunsa.

"Ine ayi, mwanawe. Akumufuna ndi eni msonkhanowu. Akuti ndikayankhula Chingerezi anthu sagwidwa mtima."

Suti ija nayonso akuti sinkagwira mtima. Mkulu woyendetsa msonkhano, dona wina wa tsitsi lofiirira, analowa ndi mikanda komanso nsalu yofiira ya mandalasi kuti mayiwo afunde. Nsaluyo ndinaizindikira msanga. Inali ya patebulo ya mulesitilanti yathu ya pansi, ndipo ndinali nditaisitako ndekha. Mayiwo anaitembenuza, anaona kachidindo ka hotela pakona, n'kuifunda.

Donayo anandipatsa pepala. Mayiwo anali atalemba masamba anayi okhudza amayi amasiye, malo odyetsera ziweto ndi atsikana okwatiwitsidwa ali aang'ono, koma donayo anawafupikitsa n'kutsala mizere isanu ndi inayi. Ntchito yanga inali yakuti mayiwo akapumira, ine ndiwerenge mzere umodzi m'Chingerezi.

Donayo atatuluka, foni inaliranso. Mayiwo anaiyang'ana n'kuusa moyo.

"Kumudzi kwathu kuli mayi wamasiye," anatero. "Mwamuna wake atamwalira, alamu ake anatenga ng'ombe zonse. Miyezi itatu ndakhala ndikupempha akuluakulu kuti amve mlanduwu. Asankha lero, nthawi yomwe ino. Amayi a m'bungwe lathu akhala kale pansi pa mtengo, foni aiika pampando kuti onse amve."

"Ndiye mutani?"

"Ndikhala konse kuwiri. Kodi muholomo alipo wodziwa Chimasai?"

Anaika kachingwe komvera kukhutu, n'kukabisa pansi pa mikanda, foni n'kuilowetsa m'nsalu ya patebulo ija.

Pansanja magetsi anali owala moti anthu ndinkangowaona mitu. Mayiwo anayamba motsitsa mawu, ndikhulupirira kuti ankalonjera akuluakulu a kumudzi aja. Atapumira ndinawerenga kuti, "Kwathu dzuwa likamalowa, ng'ombe zimabwerera kukhola ngati nyimbo." Holo yonse inang'ung'udza mokhutira.

Kenaka mawu anayamba kukwera. Mayiwo analoza chala kutsogolo, ndipo chalacho chinagwera bambo wina wachikulire wa mkanjo woyera amene anakhala pamzere woyamba. Bamboyo anagwira pamtima n'kuwerama, amvekere kuthokoza m'Chiarabu, "Shukran." Ine ndinawerenga kuti mkanda uliwonse uli ndi nthano yake. Pambuyo pake mayiwo anandiuza zomwe ankanena pa nthawiyo: ankafunsa mlamu wamkulu kuti pomwe mchimwene wake ankadwala, amene ankamusambitsa anali ndani, iye kapena mkaziyu?

Atatero anakhala chete, akumvera yankho kukhutu, maso ali chotsinzina. Mphindi inatha. Anthu anaganiza kuti ndi pemphero, ndipo mzere ndi mzere anaweramitsa mitu. Ojambula anatsitsa makamera. Mwadzidzidzi mayiwo anamenya tebulo n'kukalipa, ndipo ine ndinauza anthu odzidzimukawo kuti mayi wa Chimasai amamwetulira ngakhale pa chilala.

Mizere yanga inatha mlandu usanafike n'pakati pomwe. Mayiwo anapumira, n'kundiyang'ana kuti ndiyankhule. Ndinabwereza za dzuwa zija. Anapumiranso. Ndinabwereza za mikanda. Atapumira kachitatu, anthu onse akundidikira, ndinangoyamba kunena zomwe ndinkadziwa ine.

"Mwamuna akamwalira," ndinatero, "abale ake amabwera maliro asanathe. Amabwera ndi lole. Amasasula malata, amatenga mipando, amatenga ngakhale makina osokera omwe mkaziyo anagula yekha. Ana amaima pakhonde n'kumaonerera."

Zimenezi zinachitikira mayi anga ndili sitandade sikisi, ndipo ndinali ndisanauzeko munthu aliyense ku Dubai kuno, ngakhale anzanga omwe tinkagona chipinda chimodzi ku Al Qusais. Dona uja anali pambali pa nsanja akukupiza pepala lake ngati wothamangitsa ntchentche, koma mawu anali atayamba kutuluka okha. Mayiwo akakalipa, ine ndinkawonjezera china. Ndinanena za mphasa yomwe anatisiyira, ndinanenanso za amalume omwe anatiuza kuti tipirire poti ndi mwambo.

Ndili mkati monena, mayiwo anakweza manja n'kuliza nthungululu yaitali, kenaka anafuula mawu angapo. Anthu onse anaimirira akuwomba m'manja. Ine ndinayandikira maikolofoni n'kunena kuti, "Akuti zikomo."

Titabwerera m'kachipinda kaja, mayiwo anavula nsalu, anaipinda bwinobwino n'kundipatsa.

"Ng'ombe abweza," anatero, "kupatula imodzi yomwe anadya kale. Khutu linalo linali kwa iwe, ndimakumva, mwanawe. Makina osokera kwathu ndi osowa, koma wamasulira bwino. Mayi ako alipo?"

Ndinati alipo, ndipo masiku ano amagulitsa tomato. Anandiuza kuti ndikawapatse moni wochokera kwa amayi a kwawo.

Pomwepo dona uja analowa misozi ili chuchuchu. Za pepala lake anali ataziiwala. Anati anthu angapo alonjeza kale kuthandiza bungwelo, ndipo anapempha kuti mayiwo amulembere mawu omaliza aja, omwe anafuula pambuyo pa nthungululu, m'chiyankhulo chawo chenicheni. Mayiwo anavala magalasi n'kulemba mosamala, chilembo ndi chilembo.

M'mawa mwake ndikulowa ntchito ndinapeza mawuwo atasindikizidwa pachinsalu chachikulu pakhomo la holo, m'munsi mwa chithunzi cha mayiwo, alendo ali pamzere kudikira kujambulitsa pamenepo. Mayiwo ndinakumana nawo akukoka chikwama kupita ku bwalo la ndege, ndipo ndinawafunsa tanthauzo lake.

"Yomwe munadyayo mubweze mbuzi zinayi," anatero, n'kukwera takisi.