Msana umene ndinadwala pofuna kukaonetsa ana ndege

Lolemba lapitali ndinadwala msana. Sikuti ndinagwa panjinga kapena kusenza thumba lolemera ayi. Matendawa ndinawatulutsa pakamwa panga pomwe, dzuwa likuswa mtengo, ndili chiimire pamalo okwerera kabaza pa Milepa.

Ndiyambe ndi poyambira. Mwana wanga woyamba, Tamanda, ali ndi zaka khumi. Ndege amaidziwa ngati kadontho kodutsa m'mitambo, ndipo ikangomveka amasiya chilichonse, ngakhale ndowa pamjigo, n'kumayang'ana kumwamba mpaka khosi kuwawa. Atakhoza mayeso chaka chino ndinamulonjeza, amayi ake ndi mlongo wake Yamikani akumva, kuti tchuthi chisanathe tipita ku Blantyre tonse anayi, akaione ndege ili pansi ku Chileka. Kuyambira tsiku limenelo mwanayo ankati akadzuka, asanasukusule n'komwe, wafunsa kale kuti kwatsala masiku angati.

Pa nkhani yokonza ulendo, mukandifunsa ine, palibe wondiposa m'boma lonse la Chiradzulu. Ndinang'amba pepala pakati pa kope n'kulembapo zonse: nthawi yodzuka, akabaza otifikitsa kumsewu, minibasi ya ku Limbe, pomwe ana adzadyere tchipisi, ngakhalenso woti adzagwire dzanja la yani powoloka msewu. Mayi a Tamanda analiwerenga pepalalo mpaka pansi n'kundibwezera.

"Mwalemba bwino, bambo a Tamanda. Koma anthu akakufunsani mudzati mukukatani?"

Ndinawaseka. Anthu ake ati? Ulendo ngwanga, ana nganga. Paja akuluakulu anati ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndiye Lolembalo ndikupangana ndi anyamata a kabaza za Loweruka m'mamawa, ndinangomva dzanja paphewa. Anali alamu anga a Matiki, achimwene awo a mayi a Tamanda, omwenso ndi eni mbumba pamudzi pomwe ine ndikukhala ngati mkamwini.

"Akabaza awiri, alamu? Ulendo wa kuti?"

"Wa ku Blantyre."

"Iii, kwagwanji?"

Owerenga anzanga, funso limeneli mumalidziwa. Kwathu kuno munthu ukanena kuti ukupita kutali sakufunsa kuti ukukaona chiyani. Amafunsa kuti kwagwanji, chifukwa munthu wanzeru zake sakwera minibasi popanda chomwe chagwa.

Ndinawayang'ana alamu anga. Ndinakumbukira kuti nandolo wanga akadali m'munda osathyola, ndipo denga la khitchini lakhala likundidikira kuyambira mvula yatha. Tsono ine, mkamwini wa ndevu zanga, nditsegule pakamwa ndinene kuti ndikutenga banja lonse kukayang'ana ndege? Lilime linakana. Ndinangoona dzanja langa lapita lokha m'chiuno.

"Msanawu, alamu. Ndati ndikaonetse kuchipatala chachikulu."

"Bwanji osayamba kuchipatala cha ku Nguludi?"

"Aaa, umenewu wafika pofuna makina akuluakulu."

Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama mumtima kuti ndine wochenjera. Nditawafotokozera mayi a Tamanda, anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anati, "Mwaphika nokha, mudyanso nokha. Ine musandiikemo." Anawo sindinawauze kanthu, poopa Yamikani. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chomwe wamva m'mawa chimakhala chafika kumjigo dzuwa lisanakwere.

Chimene ndinaiwala pa pepala langa lija n'chakuti kuno munthu sadwala yekha.

Lachiwiri m'mawa ndikutuluka ndi zenga kuti ndikamwete udzu wa denga lija, ndinamva "Odi!" pakhomo. Anali Abiti Juma, mayi wachikulire woyandikana nafe nyumba, atanyamula phava la nthochi ndi mazira m'kambale. Zenga ndinaliponya kuseri kwa chitseko, ine thapsa pamphasa.

"Pepani bambo, tamva. Munthu kumavutika chonchi osanena?"

Ndinabuula pang'ono, mwaulemu.

Lachitatu kunabwera amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi. Anandizungulira, anaimba nyimbo zitatu, napemphera kuti Mulungu awongole fupa lililonse lopindika m'thupi mwanga. Ine maso otsinzina, ndikupemphera pemphero langalanga loti asaone kuti ndanenepa. Wina anabweretsa mafuta otikitira onunkha ngati palafini. Wina anandiletsa kukhala pampando. Pofika madzulo msana unayamba kuwawa zenizeni chifukwa chogonera mphasa tsiku lonse.

Ndipo choipitsitsa ndikuuzeni: mazira aja ndinadya.

Ndili gone pamphasapo ndinali ndi nthawi yambiri yoganiza. N'chifukwa chiyani bodza la matenda linatuluka mosavuta kuposa zoona? Takumbukirani nokha maulendo omwe munayenda muli ana. Ambiri a ife tauni tinaidziwa poperekeza wodwala, popita kumaliro, kapena potumidwa kukasiya ufa kwa achibale. Ulendo wongokaona zinthu ulibe ngakhale dzina labwino m'chinenero chathu. Timati kuyendayenda, ndipo munthu woyendayenda si munthu womupatsa mwana wako kuti akwatire.

Tili ndi chifundo chachikulu pa munthu wovutika, zimenezo ndaziona ndi maso anga sabata ino. Koma munthu wosangalala timamuyang'ana cham'mbali. Wazitenga kuti? Akudzimva ndani? Mapeto ake tonse tinaphunzira kubisa chisangalalo monga momwe mwana amabisira chigumu m'thumba anzake akabwera. Ukagula nyama umaikulunga kawiri. Ukafuna kukapuma umati ukukaona wodwala. Ndipo amene timawaopawo nawonso akutiopa ife.

Lachinayi alamu anga anabwera atakonza zonse, monga mwini mbumba wodziwa udindo wake.

"Alamu, takambirana. Nandolo wanu amayi a pamudzi pano akuthyolerani mawa. Loweruka ndikuperekezani ndine, achemwaliwa atsale ayang'anire pakhomo. Anawa ndiye asayerekeze. Kuchipatala n'kotengera ana? Akhala ndi Abiti Juma."

Apo ndiye mutu unaima. Bodza lomwe ndinalipeka kuti ana apite ku Blantyre linali litawatsitsa anawo m'minibasi, n'kukwezamo alamu anga. Ndinadziona ndili pamzere kuchipatala, a Matiki atandigwira mkono, ndikufotokozera adokotala matenda omwe kulibe. Ndinayang'ana mayi a Tamanda kuti andipulumutse. Iwo anali kalikiliki kupeta mpunga ngati sakumva.

Ndipo kodi ndinaulula? Ayi ndithu. Ndinati, "Zikomo alamu, mwaganiza bwino." Madzi akatayika saoleka, ndinadziuza choncho, ngati kuti mwambi ungandichotsere manyazi.

Lachisanu masana amayi anabwera kuchokera kumunda ndi madengu a nandolo wanga, nakhala pabwalo n'kumasola. Abiti Juma analipo, alamu analipo. Ine ndinali pamphasa yanga pakhonde. Tamanda anabwera ndi kapu ya madzi, nagwada pafupi nane. Sabata yonseyi anali atasiya kufunsa za masiku, koma ine, wotanganidwa ndi kubuula, sindinazindikire.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "za ndege zija musadandaule nazo. Inu mupite mukachire. Ine ndidzaiona ndikadzakula."

Anatulutsa m'thumba la diresi kansalu komwe amayi ake anamusokera kuti adzapukutire nsapato tikadzafika m'tauni, nandipatsa kuti ndizikapukutira thukuta kuchipatala. Maso ake anali ofiira. Mwanayu anakhala masiku anayi akuopa kuti bambo ake afa, osauza munthu.

Ndachitapo manyazi m'moyo, koma ngati amenewa ayi. Ndinkaopa kusekedwa ndi akuluakulu, ndiye ndinasankha kuti mwana wanga azilira mobisa.

Ndinadzuka. Osati mwa munthu wodwala, wogwira khoma, ayi. Ndinangoti nyamu, mpaka mayi wina anataya nandolo.

"Amayi ndi alamu, pepani. Ine msana sukundiwawa. Matenda aja ndinangopeka. Mawa ndimafuna kutenga anawa akaone ndege ku Chileka, basi. Ndinachita manyazi kunena."

Nkhuku inathamangira kutola nandolo wotayika uja. Alamu anga anavula chipewa, anakanda m'mutu, anachivalanso.

"Ndiye nyimbo zonse zija, alamu?"

"Pepani."

"Ndi mazira omwe?"

"Ndi mazira omwe."

Woyamba kuphulika ndi kuseka anali mayi a Tamanda, kenako bwalo lonse. Anandiseka mpaka misozi, ndipo ndikudziwa kuti dzina loti Amsana ndifa nalo. Tamanda yekha sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa, "Ndiye simufa?" Nditati ayi, anandimenya kachibakera paphewa n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Kachibakera kameneko kanali koyenera.

Abiti Juma anadikira phokoso lithe. Anakonza mpango wawo kumutu, manja akupitiriza kusola nandolo.

"Bambo a Tamanda, bodza lanulo mukalapa kwa Mulungu wanu, si nkhani yanga. Koma ndikuuzeni. Ine ku Blantyre ndapitako kanayi. Kawiri kukadwazika, kawiri kukatenga maliro. Anthu amati kuli nyumba zitalizitali, ine sindinazione, chifukwa konseko ndinkapita ndikulira. M'minibasi mwanumo malo a munthu mmodzi sangapezeke?"

Loweruka tinanyamuka asanu. Pepala langa lija silinagwire ntchito ngakhale mzere umodzi: tinachedwa kudzuka, Yamikani anasanza tisanafike ku Limbe, ndipo ku Chileka tinaima kumpanda nthawi yaitali dzuwa likutiwotcha. Kenako ndege inabwera, chimkokomo chake mpaka m'mimba. Tamanda anatseka makutu, pakamwa pali yasa. Pambali pake Abiti Juma, mayi wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, anali atamugwira dzanja, akudumphadumpha ndi kukuwa kuti, "Taonani! Ili ndi matayala!"

Tsono ndikufunseni inu amene mukundiseka. Amayi anu, amene anakulerani, anayamba akwerapo galimoto kupita kwina kulikonse popanda amene wadwala kapena wamwalira? Nanga mukudikira kuti kugwe chiyani?