M'mphepete mwa Shawelo ya Amayi

Shawelo inabwera ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anapita kumudzi kukaona abale. Anandipatsira pa siteshoni ya sitima ya Romford, kunja kuno kumene ndimakhala, ili m'jumbo limodzi ndi usipa, moti ndinaiyanika pawindo masiku angapo kuti fungo lichoke. Inali yoyera, yoluka amayi anga. Analukira mwana wa mdzukulu wawo, poti mwana wanga wamkazi anali woyembekezera, masiku atayandikira.

Amayi anatilera ndi mashawelo. Ankaluka n'kumakagulitsa pageti la chipatala ku Blantyre, chifukwa kwathu khanda silituluka m'chipatala lili m'chitenje chokha. Amalifunditsa shawelo kuti anthu aone kuti kwawo ankalidikirira. Pa ntchitoyi amayi anali ndi lamulo lawo. Akamaliza kuluka timaluwa ta m'mphepete, ankapisa kachala kakang'ono m'timabowo take. Kachalako kakalowa, ankaphwasula. Ankati mwana amakodwa zala m'bowo lotero, ulusi n'kumuzenga, ndipo khanda silinena pamene pakupweteka. Ndili mtsikana anandiphwasulitsa kosawerengeka, ine ndikulira, iwo osandiyang'ana n'komwe. Mapeto ake dzanja langa linayamba kuthinitsa, mpaka ankandiseka kuti ndimaluka ngati ndikumanga katundu panjinga.

Pakati pa shawelo yatsopanoyi panali pa amayi penipeni, mfundo zonse zofanana. Vuto linali m'mphepete. Mbali yoyamba inali bwino, yachiwiri inayamba kukhwepa, ndipo mbali ziwiri zotsalazo timaluwa tinangoti lende. Ndinapisa kachala. Kanalowa konse.

Ndinali nditamva kale kuti manja awo ayamba kunjenjemera, koma pafoni ankangoti n'kuzizira. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Manja otere ndimawadziwa, ndimawagwiriziza kapu ya tiyi tsiku ndi tsiku. Koma kuwaona mu ulusi wa amayi anga kunandipweteka mumtima, ndipo ndinakhala pansi shaweloyo ili pamiyendo.

Poyamba ndinafuna kukonza osaphwasula. Ndinatenga singano yolukira n'kumakoka ulusi wokhwepawo mfundo ndi mfundo, kuukankhira kungodya kuti ndikaubise kumeneko. Pang'ono zinatheka, koma ulusi wotsala unachuluka, ngodya n'kutupa. Kenako ndinaichapa m'madzi ofunda, n'kuiyala pathawulo, n'kuikhomerera ndi mapini kuti iume itawongoka. Itauma inkaoneka bwino ukaima patali. Ndinapisanso kachala. Kanalowabe.

Mwana wanga anandipeza ndikuchita zimenezi. Iye Chichewa amamva, koma poyankha amasakaniza.

"Mum, just leave it. Ndi ya agogo. Mukaphwasula they'll know."

"Nanga zala za mwana?"

"Tizingomuyang'anira."

Ndinamuuza kuti amene sanaberekepo ndiye amaganiza kuti khanda ungaliyang'anire nthawi zonse. Komabe iye ankanena zoona. Amayi akanadziwa. Munthu amene waluka moyo wake wonse amazindikira dzanja la mnzake ngati mmene timazindikirira mawu pafoni. Kuphwasula kunali kuwauza kuti manja awo atha. Kusiya kunali kuphwanya lamulo lawo lomwe, pa mwana wa mdzukulu wawo.

Ndinaphwasula Lamlungu masana titaweruka kutchalitchi. Ndinasiya mbali yoyamba yokha. Ulusi unkatuluka wopotanapotana, ukadali ndi maonekedwe a mfundo zawo, ndipo sindinafune kugula wina. Ndinaunyowetsa, ndinauyanika pafupi ndi hita kuti uwongoke, n'kuukulunganso.

Apa ndiye dzanja langa linandionetsa zakuda. Mbali imene ndinayamba kuluka inathina mpaka shawelo inapindika ngati lichero. Ndinaphwasula ndekha, popanda wondiuza, ndikutukwana chamumtima. Ndinatenga singano yokulirapo. Ndinasiya kuzenga ulusi kawiri pachala, n'kumangoudutsitsa kamodzi. Ndinasiyanso kulukira m'basi popita kuntchito, chifukwa dalaivala akaponda buleki dzanja limakoka lokha. Ndinkaluka kaluwa kamodzi, n'kukayerekeza ndi ka amayi ka mbali yoyamba ija, kenako n'kupisa kachala. Mwanjira imeneyi ndinamaliza mwana asanabadwe.

Anabadwa wamwamuna, nyengo yozizira. Potuluka m'chipatala anamumangirira m'kampando ka m'galimoto monga amachitira kuno, ife n'kumufunditsa shawelo pamwamba. Titafika kunyumba tinaimbira amayi pa vidiyo. Analulutira, anamunena mwanayo kuti mphuno watengera kuchimuna, anafunsa ngati mayi wake wadya. Ine ndinali nditapinda shawelo mwanzeru kuti mbali yawo ija ikhale pamwamba.

"Tasendeza foniyo, ndione m'mphepetemo," anatero amayi.

Ndinasendeza.

"Tembenuza. Mbali inayo."

Mwana wanga anandiyang'ana. Ndinatembenuza, n'kuyandikitsa foni. Amayi anayang'anitsitsa timaluwa tija kamodzikamodzi.

"Limeneli ndi dzanja lako," anatero.

"Ndi langa, amayi."

"Chala chinalowa?"

Ndikanatha kunena kuti ulusi unaduka panjira, kapena kuti usipa unaudetsa. Koma iwo ndi amene anandiphunzitsa, ndipo funso lawo linali limodzi.

"Chinalowa, amayi."

"Ndiye wachita bwino," anatero. Kenaka anawonjezera kuti pangodya ndathinitsabe, ndipo anapempha kuti tiwaonetsenso mwana.

Sitinakambenso nkhaniyi. Patapita miyezi, mayi wa kutchalitchi uja anapitanso kumudzi, ndipo pobwera anandiimbira kuti ndili ndi katundu. Tinakumana pa siteshoni pomwe paja. M'jumbomo munali usipa, thelele louma ndi mtedza. Pansi penipeni panali singano zonse zolukira za amayi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, atazimanga pamodzi ndi kaulusi koyera. Mfundo yake inali yokhwepa.