Wosoka Makolala Amene Lero Akuyendetsa Fakitale

Lolemba lina m'mawa, antchito a pafakitale yosoka mayunifolomu anapeza geti lili lokiya. Pagetipo panali pepala la mizere iwiri yokha: kampani yatseka, musabwerenso.

Pagulupo panali mayi wina wa zaka 31 amene anzake ankamutchula kuti Makolala, chifukwa kwa zaka zisanu ndi zinayi ntchito yake inali imodzi basi, kusoka makolala a malaya. Mwamuna wake anali atamwalira, n'kumusiyira mwana wamkazi mmodzi.

Ataona kapitawo wawo akutulukira kakhomo kam'mbali, anamuthamangira.

"Akapitawo, tatseka bwanji? Maoda anali mbwee, mpaka timagwira ndi Loweruka lomwe."

"Zimenezo ndi za mu ofesi, mayi. Inu ndi ine sitingazimve."

Mawu amenewo anamuwawa kuposa kutha kwa ntchitoko.

Mwezi usanathe anasamukira kwa akulu ake. Iye ndi mwana ankagona pabalaza, kuseri kwa sofa. Masana ankakhala pakhonde la shopu ina ndi makina akale a akulu akewo, kumasintha mazipi ndi kupinda mathalauza.

Tsiku lina mtsikana wina anabweretsa siketi yoti afupikitse, atakumbatira buku lalikulu. Makolala anamufunsa kuti amaphunzira chiyani.

"Za kayendetsedwe ka bizinezi, ku yunivesite."

"Ndiye amakuphunzitsani chimene chimatseketsa kampani maoda alipo?"

Mtsikanayo anaseka. "Zimenezo ndi za chaka chachiwiri, anti."

Atafika kunyumba, Makolala anafukula satifiketi yake ya kusekondale pansi pa sutikesi. Inali itasanduka yachikasu m'mbali, koma magiredi ake anali abwino ndithu. Analembetsa kalasi ya Loweruka ndi Lamlungu ku yunivesite, ndipo anamutenga.

Alamu ake, amuna a akulu akewo, atamva, anagwira pakamwa. "Digiri pa msinkhu umenewu? Mudzamaliza mwanayu atakwatiwa!"

"Usawamvere alamu akowa," anatero akulu ake. "Iwowa fomu ya kuchipatala yomwe amati ndiwalembere ine. Mwana ndimusamalira, iwe pita."

Musaganize kuti zinayamba kuyenda pomwepo. Tsiku loyamba m'chipinda cha makompyuta anakhala mphindi khumi akufufuza poyatsira, anzake ayamba kale kulemba. Pamapeto a chaka analephera masamu. Anaona dzina lake pabolodi, n'kupita kuseri kwa laibulale kukalira. Atapukuta misozi anakalembetsanso phunziro lomwelo.

Ulendo uno analemba masamuwo pa zidutswa za katoni n'kumazikoloweka pa makina. Phazi likupalasa, maso akuwerenga. Makasitomala ena ankaganiza kuti ndi mitengo ya mazipi. Anakhoza.

M'chaka chachiwiri mphunzitsi wawo anafunsa kalasi chimene chingagwetse kampani yokhala ndi makasitomala ambiri. Makolala anakweza dzanja.

"Kufakitale kwathu nsalu inkafika mochedwa. Ine ndinkasoka makolala mulu, koma a mikono alibe chosoka. Malaya ankatuluka sukulu zitatsegula kale, eni ake n'kuwakana."

Mphunzitsiyo anaika choko pansi. "Mayi, mwatiphunzitsa kale mutu wa sabata yamawa. Bwerani kutsogolo mufotokozenso, enawa alembe."

Tsiku limenelo anadziwa kuti zaka zake za pamakina sizinapite pachabe. Zimene anyamata ndi atsikana aja ankaloweza m'buku, iye anali ataziona ndi maso. Chimene ankasowa anali mayina ake ndi njira yozikonzera.

M'chaka chomaliza anatumizidwa kukaphunzira ntchito pafakitale ya matilesi. Anzake awiri ankakonda kukhala mu ofesi momwe munali fani. Iye ankatsikira kwa antchito. Anaona kuti osoka amadutsa holo yonse kukatenga nsalu patebulo lodulira, tsiku lonse uku ndi uku ngati amasaka chinthu chotayika. Anajambula papepala m'mene zinthu zingakhalire, n'kugogoda kwa manejala.

"Bwana, tebulo lija tikalisendeza pafupi ndi makina, anthuwa asiya kuyenda, ayamba kusoka."

Manejalayo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Tiyese sabata imodzi. Zikakanika, mulibweza nokha."

Tebulolo silinabwerere.

Atamaliza maphunziro, a m'kalasi mwake anabalalika. Wina analowa kubanki, wina ku ofesi yolemba anthu ntchito, wina amatsatsa malonda a kampani ya mafoni, ndipo awiri anatsegula bizinezi yawo yonyamula katundu. Digiri imeneyi ili ndi makomo ambiri. Makolala anasankha khomo limene ankalidziwa fungo lake: anabwerera kwa a matilesi aja ngati wothandizira manejala. Patatha zaka zinayi manejalayo anapuma, mpando n'kupatsidwa kwa iye. Lero akuyang'anira anthu oposa zana.

Mwezi watha mayi wina wosoka pafakitalepo anamutsatira pa nthawi yopuma, akupotokola nsonga ya epuloni.

"Bwana, nanenso ndimafuna sukulu. Koma ndili ndi zaka 38. Sindinachedwe?"

"Zaka zinayi zikubwerazi zidutsa, muphunzire kaya musaphunzire," anayankha. "Mudzakwanitsa 42 basi. Funso ndi lakuti idzakupezani muli ndi chiyani m'manja. Mawa mubwere ndi satifiketi yanu tiione."

Mayiyo anabwera nayo.

Inu amene mukuwerenga, mwina ntchito yakutherani, mwina mayeso anakukanani, mwina mukuona ngati anzanu anapita kale patali. Zimene manja anu akudziwa si zachabe, zikungodikira sukulu kuti izipatse mphamvu. Funsani za kalasi imene mungakwanitse, tengani fomu, lembani. Mukagwa chaka choyamba, dzukani mulembenso. Musataye mtima, nthawi yanu ikadalipo.