Njinga ya Jeremias Inkatsata Ng'ombe

Jeremias anali mwana wachiwiri wa ine Rosalina ndi malemu aTomé, ndipo anabereka Albina ndi Moisés. Ankanyamula mbatatesi pa njinga kuchokera kwathu ku Tsangano, kukagulitsa mpaka ku Furancungo. Panalibe wopalasa ngati iyeyo, zimenezo musanditsutse.

Nkhondo itafika, m'misewu munadzaza mabomba okwirira. Jeremias ankadikira kuti ng'ombe zidutse kaye, kenaka n'kumapalasa motsata mapazi a ng'ombezo, poti pamene yaponda ng'ombe osaphulika, njinga idutsanso.

Mu 1986 tinaganiza zothawira ku Malawi. Iye anafuna kuyamba kunyamula ine. Ndinakana, ndinati ayambe ana.

"Chabwino amayi, koma ulendo wamawa ndi wanu. Musayende, miyendo yanuyo ndimaidziwa."

Anawo anakafikadi. Koma tsiku lomwelo anthu a mfuti anakusa ng'ombe zonse za kwathu, ndipo pobwerera Jeremias analibe phazi ngakhale limodzi loti atsate. Ndinamudikira pakhonde ndi kamtolo kanga mpaka mvula inayamba. Kenaka ndinapita wapansi.

Sitinamupeze, ngakhale njingayo. Ulendo anandilonjeza uja sanandinyamulebe, inenso sindinamuikebe m'manda.