Tsiku limene ndinakana kumasulira filosofiya

Ndikamva mawu akuti filosofiya masiku ano, mseru umandigwira ngati ndapisa dzanja m'thumba n'kukhudza mbatatesi yowola. Chonsecho ndi phunziro limene ndinkalikonda kuposa onse kusukulu. Ndinapitirira mpaka ku insitituto yophunzitsa aphunzitsi, ndinatengako setifikadu ya uphunzitsi, koma ntchito sinapezeke. Ndinakwatiwa ku Domwe, ndipo setifikaduyo ili m'sutikesi pansi pa bedi, ine ndikusankha mbatatesi ndi apongozi anga.

Mwana wanga ali ndi miyezi iwiri, kuparokiya kunabwera a pulofesolo ena, mwana wa ku Lifidzi, kufupi ndi kwathu kuno, amene anaphunzira ku seminaliyo koma sanafike pa unsembe. Misa itatha analengeza kuti Lamulungu lililonse masana aziphunzitsa filosofiya ya aliyense, ngakhale amene sanagwirepo cholembera. Iwo aziyankhula Chipwitikizi, ndiye pankafunika womasulira m'Chinyanja. Ndinakweza dzanja msanga mpaka mwana kumsana anadzidzimuka.

Ndinene zoona, ndinali ndi changa mumtima. Chibadwire mwanayu, mantha sanandichoke. Akagona ndimaika chala pamphuno pake. Akayetsemula ndimayamba kuganiza za bokosi. Ndinkati mwina anthu akale oganiza aja anasiyako mawu othandiza mayi wotere.

Masabata oyamba zinkakoma. Ndinakoka amayi ambiri, apongozi anga ndi alamu anga, mlongo wa amuna anga, n'kudzaza mabenchi. A pulofesolo atanena kuti Mgiriki wina wakale ankati zinthu zonse zinachokera m'madzi, mayi wina wogulitsa nyemba anati, "Ameneyo sanakhaleko kuno mwezi wa Okutobala." Holo yonse ya parokiya inaseka. Tsiku lina a pulofesolo anafunsa ngati chinthu chimakhala chabwino chifukwa Mulungu wachikonda, kapena Mulungu amachikonda chifukwa n'chabwino kale. A katekisiti ndi apongozi anga anakangana njira yonse mpaka pachigayo. Ine ndinkapita kunyumba mutu uli wopepuka.

Amuna anga nthawi imeneyo anali atapita ndi lole ya mbatatesi ku Tete n'kuchedwa komweko, choncho mwana anali asanatengedwe. Kwathu kuno khanda limakhala lozizira mpaka bambo ndi mayi ake atachita mwambo wolitenga. Zisanatero, munthu wongobwera, makamaka mwamuna amene simukudziwa kumene wagona, saligwira, kuopa tsempho, matenda otupitsa ndi kutsokomola. Apongozi anali atamumanganso kachingwe ka mankhwala m'chiuno. Ine wa setifikadu ndinkati sindikhulupirira zimenezo. Koma kachingweko sindinakachotse, ndipo palibe mwamuna amene ndinamupatsapo mwanayo.

Lamulungu lina a pulofesolo analemba mizere itatu pa bolodi. Anati maganizo a anthu amakula ngati munthu. Poyamba amafotokoza zonse ndi mizimu ndi mankhwala, umenewo ndi ukhanda. Kenako amayamba kufunsa, pomaliza amafika pa sayansi. Ndinamasulira bwinobwino, ndili chiimire pambali pawo. Mwana anali atalira, ndiye ndinali nditamumasula kumsana n'kumunyamula pamkono, kamalaya katakwera.

A pulofesolo anakaona kachingwe kaja. Maso awo anawala ngati a munthu amene watola chinthu pamsewu.

"Chitsanzo chabwino ndi ichi!" anatero m'Chipwitikizi. Ndisanadziwe chimene chikuchitika, manja awo a choko anali m'khwapa mwa mwana wanga. Anamukweza m'mwamba, miyendo ili lendelende, n'kumutembenuza kuti onse aone.

Amayi anakuwa pamodzi, "Iii!" Apongozi anga anaimirira, manja ali pamutu.

A pulofesolo anaganiza kuti phunziro lalowa. Anapitiriza, chala chakola kachingwe. "Amene anamanga ichi akadali pa mzere woyamba. Thupi ndi la munthu wamkulu, koma maganizo ake ndi ofanana ndi a khanda limene ndanyamulali. Masulirani, mayi."

Amene anamangayo anali pa benchi yachiwiri, akundiyang'ana. Ndi mayi amene anandisambitsa nditachira, amene amandisiyira dzira m'mbale osanena kanthu. Chipwitikizi samva. Mawu amenewo akanawafika kudzera pakamwa panga pokha, m'chiyankhulo chimene amapempherera.

"Masulirani," anabwereza. "Choonadi sichiopa munthu."

Ndinamva fungo la mafuta awo onunkhira litasakanikirana ndi thukuta, ndipo ndinaona ufa wa choko pamimba pa mwana wanga.

"Ndipatseni mwana," ndinatero m'Chinyanja.

Anandiyankha m'Chipwitikizi kuti ndisachite ngati osaphunzira.

"Akuti chiyani, mlamu?" anafunsa alamu anga ali kumbuyo.

"Akuti andipatsa mwana."

"Ndiye akudikira belu? Inu abambo, kumene mwagona tikukudziwa ife? Tsitsani mwanayo! Mukamutupitsa mudzamuyamwitsa ndinu?"

Mawu amenewa sanafune womasulira. A pulofesolo anamva bwino lomwe, makutu anawatentha, ndipo anandibwezera mwana ngati akubweza katundu wolakwika pasitolo. Amayi anatuluka mmodzimmodzi, akukutumula zitenje zawo. Anatsala a katekisiti ndi madoda awiri amene ankawodzera.

Sabata yotsatira sindidzaiiwala. Apongozi anamusambitsa mwana ndi mankhwala, ine osaletsa. M'mawa mwake ndinapita naye kuchipatala, anamwino anamupima n'kunena kuti alibe kanthu. Sindinakhulupirire aliyense wa iwo. Ndinkatsina timiyendo take kuona ngati tatupa. Anatsokomola kamodzi, ine n'kukhala pansi m'munda n'kulira, khasu lili poteropo. Sanadwale. Apongozi amati ndi mankhwala, anamwino akanati panalibe chodwalitsa, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinapita kukafuna chochepetsa mantha, ndinabwerako ndi ena owonjezera.

Apongozi anandifunsa kamodzi kokha, tikusankha mbewu. "Kodi amene aja ankati chiyani atagwira kachingwe?"

"Zopanda mutu, amayi."

"Ndinaona nkhope yako," anatero, n'kuponya mbatatesi yoboola kumbali. Sanafunsenso.

Patapita milungu ingapo a pulofesolo anandipeza pamsika. Anati holo ikumakhala yopanda anthu, ndipo zikuwamvetsa chisoni kuti anthu a kuno sakonda kuganiza. Anati ndibwerere, ndikaitanenso amayi aja, poti amandimvera.

Ndinawauza kuti ndikhoza kuwaitana, koma iwo aziyankhula okha m'Chinyanja. Chimene sangathe kuwauza amayi a msinkhu wa mayi awo maso ndi maso, asachipatse ine kuti ndinene.

Anaseka. Anati filosofiya singakwane m'Chinyanja, mawu ake ndi ochepa.

Ndinamuyang'ana munthu amene ndinkaima pambali pake Lamulungu lililonse, ndikusandutsa chilichonse chimene wanena kukhala Chinyanja mpaka amayi kukangana nacho panjira. Kenako anatembenukira kwa wogulitsa kabichi n'kuyamba kunenerera mtengo m'Chinyanja chosalala cha ku Lifidzi, chamiyambi yake.

Sindinabwerere, ndipo sindinaitane munthu. Lamulungu masana ndimakhala pakhonde ndi mwana, ndipo chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti mafunso aja ndimawasowabe.