Batani, Kankhuku Kanga ka Mutu wa Jivi

Ndinali ndi zaka khumi pamene Che Amadu, telala amene ankasoka pakhonde loyandikana ndi kwathu ku Bangwe, anandipatsa tianapiye tiwiri ta kambwata, nkhuku zazing'ono zofupika miyendo zija. Ankandithokoza chifukwa chowatolera mabatani ogwa pansi pa makina. Kamodzi kanafa patangotha masiku atatu. Kotsalako ndinakatcha Batani, ndipo ndisaname, ndinkakakonda kuposa mlongo wanga amene.

Ndinakalerera m'katoni ya sopo, pambali pa botolo la madzi otentha lokulunga m'sokosi, poti inali nyengo ya chiperoni. Kuseri kwa nyumba mayi anali ndi khola la nkhuku zisanu, ndipo wolamula m'menemo linali thadzi lofiira lankhanza zedi. Mayi anandichenjeza kuti ndisakaike m'kholamo mpaka kadzakule ngati zinzake. Ndinadikira miyezi itatu. Nthenga zinamera bwinobwino, koma thupi linangofika pa msinkhu wa nkhunda n'kuima. Ine ndi mayi tonse sitinkadziwa kuti kambwata sapitirira pamenepo.

Loweruka lina mayi atapita kumsika, kudikira kunandikwana. Ndinatsegula khola n'kukalowetsa, ndili, "Pita ukaone abale ako." Thadzi lija silinachedwe, linakalumphira pamutu, zinazo n'kutsatira. Ndinalowa chokwawa m'zitosi, ndikujomphedwa m'mikono, ndipo pokatulutsa mutu wake unali magazi okhaokha, maso atatseka. Ndinathamangira kwa Che Amadu ndikulira, ndikudziwa kuti ndakapha ndine.

Iwo anaimitsa makina n'kukaika pachikhatho. "Khala chete iwe, kakupuma aka," anatero. Anakapaka jivi, mankhwala ofiirira a zilonda aja, ponena kuti nkhuku ikaona magazi siileka kujompha. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Munthu wosamudziwa atangolowa m'nyumba mwanu osaodira, n'kuyamba kudya, mayi ako angamusekerere?"

Kankhukuko katachira, Che Amadu anandipindira waya kukhala kakhola kozungulira, ndipo tinakaika m'kati mwa khola lalikulu, Batani ali momwemo. Ntchito yanga inali kuthira madeya mbali zonse ziwiri za waya, kuti zizidya zikuonana koma osakhudzana. Masiku oyamba thadzi linkazungulira wayayo, nthenga za m'khosi zitanyanyuka. Pofika sabata yachiwiri linatopa nazo, silinkachewukanso n'komwe.

Tsiku lochotsa waya linafika. Thadzi linayandikira, linajompha kamodzi pamsana, Batani n'kupatuka pang'ono. Basi, zonse zinaweramira madeya. Ndinakhala pansi pafumbi n'kupumira m'mwamba, misozi ikutsika koma ndikuseka. Mayi, amene ndinkayembekezera kuti andikwapula kuyambira tsiku lija, anangoti, "Ndiye tikanadikira mpaka liti kuti kakule kameneka?"

Chaka chatha mlongo wanga uja anamwalira, ndipo ndinatenga mwana wake wamkazi kudzakhala nafe ku Machinjiri. Ana anga awiri anamulandira mozizira. Ndinafuna kuwakalipira kuti amukonde tsiku lomwelo, koma ndinakumbukira waya wa Che Amadu. Ndinangoonetsetsa kuti akudya pamphasa imodzi tsiku lililonse, pakamwa panga ndikutseka. Mwezi usanathe ndinawamva atatu onse akukanganirana wotsuka mbale, ndipo ndinadziwa kuti mwanayo wafika kwawo.