Mpira wa bowling unandivulaza phewa, wina n'kugwa m'manja mwanga

Inu owerenga, mkono wanga wakumanja sukweranso kudutsa pamutu, ndipo gwero lake ndi masewero chabe. Ndinagula mpira wa bowling wosagwirizana ndi malo amene ndinkasewera, kenako nditavulala ndinabisa. Ndikufotokozereni momwe zinayendera.

Ndimakhala kuno kunja, ku Barking, ndi mkazi wanga, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba ina ku Romford. Ntchito yathu ndi yamanja: kudzutsa munthu pabedi, kumusambitsa, kumukhazika panjinga ya olumala. Amene anandiphunzitsa bowling ndi a Mwale, bambo a ku Zambia amene timapemphera nawo. Loweruka masana, ngati sindili pa shifiti, tinkapikisana ndi matimu ena a m'deralo.

Kwa amene simuwadziwa masewerowa, munthu umagubuduza mpira wolemera m'kanjira kathabwa kuti ukagwetse timabotolo toyera kumapeto. Kanjirako amakapaka mafuta kuti mpira uziyamba waterereka usanakhote. Koma ife tinkalowa mabanja ndi ana atasewerapo kuyambira m'mawa, mafuta atatha, thabwa litauma.

Nditatopa ndi mipira yobwereka ya pamalopo, ndinafuna wangawanga. Pa intaneti ndinaona wina ku Woolwich akugulitsa wake, wakhungu lokhakhala, mtundu umene akatswiri amaponya pa TV n'kumakhota mochititsa kaso. Nditawaonetsa a Mwale chithunzi, anandiuza kuti mpira wotero anaupangira kanjira ka mafuta ambiri, ndipo pouma umaluma thabwa msanga n'kukhota usanafike. Anati ndifune wosalala, ngakhale wa pulasitiki, wopepukirapo, ndipo mabowo a zala aboole atayeza dzanja langa.

"Mudala, osathamangila," anatero. "Ija bola ni ya pa mafuta. Apa pouma izakuvutani."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mawa lake ndinakwera sitima kukautenga.

Zinachitika monga ananenera. Mpira unkangoti ukatera, wakhotera kumanzere, n'kugwera m'ngalande ya m'mbali mwa kanjirako kapena kukhudza kabotolo ka m'mphepete. M'malo mousiya, ndinayamba kuuponya mwamphamvu kuti ufike usanakhote. Unali wondilemera, mabowo ake a dzanja la mwini woyamba, ndiye ndinkachita kuufinya ndi zala kuti usapulumuke. Loweruka lina ndinamva paphewa ngati chingwe chaduka. Ndinamaliza gemu, a Mwale n'kuwauza kuti ndangotopa.

Mkazi wanga ndi namwino. Ataona kuti ndikuvala malaya ndi dzanja limodzi, anandiuza kuti ndiimbe foni kuntchito kuti sindibwera, ndikaonane ndi dokotala. Ndinakana. Viza yathu yokhalira m'dziko muno inamangika pa ntchito imeneyi, komanso ndinkachita manyazi kuuza manejala kuti ndavulala posewera. Ndinameza mankhwala opha ululu n'kunyamuka.

M'mawa umenewo ndinkathandiza agogo ena aamuna, mzungu wofatsa, kuchoka pabedi kupita panjinga yawo. Timasitepe timeneto ankayenda okha, ine n'kungowachirikiza. Ataima n'kutsamira pa ine, mkono wanga unangofa. Anatsetserekera pansi, ine n'kugwa nawo chogwada, mutu wawo n'kuphonya pang'ono chitsulo cha bedi. Sanathyoke, koma ntchafu inatupa n'kuda, khungu la pamkono n'kusupuka. Ali pansi pomwepo anandiyang'ana n'kundifunsa m'Chingerezi ngati ineyo ndavulala.

Kwa manejala ndinaulula zonse. Anandiimika kaye pantchito pamene ankafufuza, ndipo banja la agogowo linaitanidwa. Masabata amenewo ine ndi mkazi wanga tinkangoganiza zoti mwina ulendo wobwerera kumudzi wakwana. Iye sanandinenepo kuti ndinakuuzani, koma bola akananena. Dokotala anapeza kuti mtsempha wa paphewa unang'ambika.

Ntchito sinathe, anangondipatsa chenjezo lomaliza. Koma agogo aja mantha anawalowa, sanafunenso kuima, ndipo miyendo inafooka chifukwa chongokhala. Pano amawanyamula ndi makina. Ndikalowa m'chipinda mwawo amandipatsabe moni ponditchula dzina.

Inu owerenga, ngati mumasewera bowling, yang'anani kanjira musanasirire mpira. Pouma pamafuna wosalala, wolingana ndi mphamvu zanu, wobooledwa pa dzanja lanu. Mpira ukakana, sinthani mpirawo, musaukakamize ndi phewa. Koma chachikulu n'chakuti ngati pali anthu amene amaima chifukwa cha manja anu, mukavulala nenani tsiku lomwelo. Manyazi amene ndinkathawa akanatha lisanalowe dzuwa. Agogo aja sadzapondanso pansi ndi miyendo yawo.